Kampani yatulutsa hard drive kapena SSD yatsopano, mugule masheya ake? Yambani mwaona izi

Nkhani ikangotuluka yoti Seagate yabwera ndi hard drive ya 30TB kapena Samsung yapanga SSD yothamanga kuposa zonse, pamakhala anthu amene amathamangira kugula masheya tsiku lomwelo ngati kuti ndalama zalowa kale mthumba la kampaniyo. Ine zimandikhudza chifukwa ena mwa ogulawo ndi abale athu omwe ali ku Joni kapena ku UK, amasunga pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro a thukuta nkumagula masheya aku America pa app ya pafoni, ndiye ndalama zimenezo sizoseweretsa ayi. Bizinesi ya zipangizo zosungira data ili ndi khalidwe lakelake, katundu watsopano payekha sanena kuti phindu likubwera, pali mafunso oti mufunse kaye.

Choyamba dziwani kuti kampaniyo ikusewera mpira uti, chifukwa mabwalo alipo atatu ndipo malamulo ake ndi osiyana.

Bwalo loyamba ndi la ma hard drive, aja a timbale tozungulira mkati. Kalekale makampani opanga zimenezi analipo ambirimbiri koma anamezana mpaka kutsala atatu basi. Seagate inagula Maxtor mu 2006 kenako inatenganso gawo la ma hard drive la Samsung mu 2011, Toshiba inatenga la Fujitsu mu 2009, Western Digital nayo inagula la Hitachi mu 2012. Ndiye lero ndi Seagate, Western Digital ndi Toshiba, ndipo awiri oyambawo ndi amene agwira msika waukulu. Anthu atatu pamsika samenyana pamtengo ngati anthu makumi awiri, ichi muchisunge mmutu.

Bwalo lachiwiri ndi la ma chip a flash otchedwa NAND, amene ali mu SSD, mufoni, mufulashi ndi mu memory card yanuyo. Apa pali Samsung, SK hynix yomwe inagwirizana zogula gawo la NAND la Intel mu 2020 pamtengo wa madola 9 biliyoni, Kioxia yomwe kale inali Toshiba Memory, Sandisk, Micron, komanso YMTC yaku China. Maina ngati Kingston, Transcend kapena ADATA amene mumawaona mmashopu alibe fakitale yopanga ma chip amenewa, amachita kugula kwa akuluakuluwa nkuika dzina lawo. Bwalo lachitatu ndi la makampani omwe amatenga ma drive aja nkumanga zimakina zikuluzikulu zogulitsa kumabanki ndi kumaboma, monga Dell yomwe inagula EMC mu 2016 pa madola 67 biliyoni, NetApp, HPE ndi Pure Storage. Kusiyanitsaku nkofunika chifukwa mtengo wa NAND ukakwera, wopanga amasangalala pomwe wogula ma chip uja ndalama zake zopangira katundu zakwera. Nkhani imodzimodziyo, wina ikumukomera wina ikumupweteka.

Mukadziwa bwalo, tsegulani chikalata chomwe kampaniyo yalengezera katunduyo ndipo muwerenge pang'onopang'ono, osati mutu wokha. Mukufufuza kuti chinthucho chafika pati. Akalemba kuti announced kapena demonstrated ndiye kuti angoonetsa, mwina chilipo chimodzi mu labu. Akati sampling ndiye kuti atumiza zochepa kwa makasitomala kuti aziyese. Qualification ndi nthawi yomwe kasitomala wamkulu akuchiyesa mmaseva ake, miyezi yambiri, kuona ngati sichifa msanga, ngati sichitentha, ngati chikugwirizana ndi mapulogalamu ake. Ndalama zenizeni zimayamba pomwe alemba volume shipment kapena ramp, apo ndiye kuti makatoni akutuluka mufakitale ochuluka ndipo wina akulipira. Pakati pa kuonetsa ndi kulipidwa pakhoza kudutsa zaka, ndipo nkhani ya HAMR, njira yolembera data mu hard drive mothandizidwa ndi laser, ndi yomwe ikuonetsa zimenezi bwino kwambiri, ndiye ndikhalitsapo pang'ono.

Mkati mwa hard drive yaikulu ya mu data center, zinyumba zija zodzaza ndi maseva osunga data, muli timbale pafupifupi khumi tosanjikizana, tikuzungulira maulendo 7200 pa mphindi, ndipo pamwamba pa kambale kalikonse pali kamutu kolemba ndi kuwerenga komwe kamayandama pafupi kwambiri osakhudza, mpata wake ndi wochepetsetsa kuposa tsitsi kutalitali. Kuti muike data yambiri pa kambale komweko mumayenera kuchepetsa timadontho ta maginito tosunga data, koma tikachepa kwambiri timayamba kusokonekera tokha. Njira ya HAMR ndi yoti mugwiritse ntchito zinthu zolimba zomwe sizisintha wamba, ndiye pofuna kulemba, ka laser kakang'ono komwe kali pamutu paja kamatenthetsa kadontho kamodzi kupitirira madigiri 400 kwa kanthawi kochepetsetsa, kulemba, kenako malowo nkuzizira pompo. Tangoganizani kuti zimenezi zichitike usana ndi usiku kwa zaka zisanu popanda kamutuko kupsa. Nchifukwa chake Seagate inakhala ikunena za HAMR kuyambira kumayambiriro a zaka za mma 2000, ikumapereka madeti nkumawasuntha, ndipo inadzalengeza ma drive a Mozaic 3+ a 30TB mu Januwale 2024. Olo pamenepo sizinathere pompo, kuyesa kwa kasitomala wamkulu woyamba wa cloud (makampani osungira anthu data pa intaneti) kunachedwa ndipo kunadzatha kumapeto kwa chaka chomwecho. Munthu amene anagula masheya chifukwa cha lonjezo loyamba anadikira zaka zambiri. Amene amatsatira mawu oti qualification mmalipoti a kotala iliyonse, miyezi itatu iliyonse, ndi amene ankadziwa nthawi yomwe zinthu zikupsadi.

Nthawi yonseyo Western Digital sinagone, inatenga njira ina, kuonjezera timbale ndi kufinya mizere ya data moyandikana mwa njira ya SMR, ndipo mu Okutobala 2024 inalengeza drive ya 32TB ya timbale 11 yopanda laser. Ndiye funso lachiwiri mukaona katundu watsopano ndi loti mnzakeyo ali ndi chani chomwe kasitomala angagule lero lomwe. Teknoloje yapamwamba ikhoza kukhala ya kampani ina koma oda nkupita kwa yemwe katundu wake ndi wodziwika kale kuti safa.

Tsopano funsani kuti adzagule ndani. Apa anthu ambiri amasochera chifukwa amaganiza za laputopu yawo. Ma hard drive ogulitsidwa padziko lonse anafika pachimake cha mma 2010, pafupifupi 650 miliyoni pachaka, ndipo kuchokera pamenepo chiwerengero chatsika kwambiri chifukwa malaputopu anasamukira ku SSD. Koma data yomwe ma drive akunyamula yakhala ikukwera, chifukwa ogula enieni pano ndi eni ma data center akuluakulu, Amazon, Microsoft, Google, Meta ndi anzawo aku China. Ndiye mulipoti la Seagate kapena Western Digital musatekeseke ndi kuchuluka kwa ma drive, yang'anani ma exabyte omwe atumiza (exabyte imodzi ndi ma terabyte miliyoni imodzi) ndi gawo lomwe amalitcha nearline, la ma drive akuluakulu a mu data center. Ndipo dziwani kuti makasitomala ochepa chonchi ali ndi mphamvu, mmodzi akangoti chaka chino tili ndi sitoko yokwanira, kotala yonse ya kampani yasokonekera.

Chitsanzo chake ndi STEC, kampani yaku California yomwe inali patsogolo pa ma SSD a makampani akuluakulu mu 2009. Masheya ake anakwera kowopsa chaka chimenecho chifukwa EMC imagula kwambiri, mpaka panali dilu ya madola 120 miliyoni. Mu Novembala chaka chomwecho zinadziwika kuti EMC ikadali ndi katundu wambiri yemwe sinagwiritse ntchito ndipo sioda msanga, masheya anagwa kwambiri tsiku limodzi, kenako akuluakulu aja analowa msika womwewo ndipo STEC inathera pogulidwa ndi Western Digital mu 2013 pa madola pafupifupi 340 miliyoni. Katundu wawo anali wabwino ndithu, vuto linali kudalira kasitomala mmodzi. Mu lipoti lapachaka la 10-K makampani aku America amalemba makasitomala omwe amabweretsa 10 peresenti kapena kuposa ya ndalama zonse, pezani ndime imeneyo muiwerenge.

Mbali inayo iliponso. Mu Disembala 2024 Pure Storage inalengeza kuti imodzi mwa makampani anayi akuluakulu a cloud yasankha teknoloje yake, masheya anadumpha kupitirira 20 peresenti tsiku limodzi, ndipo patsogolo zinadziwika kuti ndi Meta. Msika unasangalala ndi dzina la kasitomala kuposa mmene umasangalalira ndi liwiro la makina. Akuluakulu a Pure omwewo ananenapo kuti ikamadzadutsa 2028 sipadzakhalanso ma hard drive atsopano ogulitsidwa, koma mawu ngati amenewo muziwamva podziwa kuti wonenayo amagulitsa flash.

Chotsatira ndi masamu, ndipo sovuta. Mubizinesi iyi chilichonse chimabwerera pa mtengo wa terabyte imodzi. Ngati drive ya timbale khumi inali ya 24TB ndipo yatsopano ya timbale khumi tomweto ndi ya 30TB, mota ndi imodzi, bokosi ndi lomwelo, malo mu seva ndi omwewo, magetsi sakusiyana kwenikweni, ndiye wopanga akhoza kumutsitsira kasitomala mtengo pa terabyte iye nkutsalabe ndi phindu lokulirapo. Apo katundu watsopano ali ndi tanthauzo. Koma ngati pa ma drive 100 opangidwa ambiri akulephera mayeso mufakitale, phindu lija lathera mu zotayidwa. Kampani siingakuuzeni poyera kuti zingati zikulephera, koma mudzaonera pa gross margin, ndalama yotsala akachotsa zopangira katunduyo. Katundu watsopano akayamba kutuluka wambiri margin nkumakwera kotala ndi kotala, zikuyenda. Margin ikamatsika pomwe akuti zonse zili bwino, mverani nambala.

Masamu omwewa ndi amene anapha Optane, dzina lomwe Intel inkagulitsira memory ya 3D XPoint. Mu Julayi 2015 Intel ndi Micron analengeza 3D XPoint, memory yatsopano yomwe anati ndi yothamanga mpaka ka 1000 kuposa NAND, ndipo anthu anaimba mmanja kuti dziko lasintha. Zinthuzo zinatulukadi ndipo mainjiniya ambiri anazikonda, zinali zachangu komanso zolimba. Koma mtengo wake pa gigabyte unali wokwera pomwe NAND wamba imatsika mtengo chaka ndi chaka, ogula sanachuluke, fakitale imagwira ntchito mosakwanira. Micron inasiya mu 2021 nkugulitsa fakitale yaku Lehi ku Utah kwa Texas Instruments, Intel nayo inatseka bizinesiyo mu 2022 nkulemba kuti yataya madola 559 miliyoni pa katundu wotsala. Ine ndimaona kuti aliyense wofuna kuika ndalama mu storage aziyamba waphunzira nkhani imeneyi, chifukwa apa panalibe bodza loti chinthucho kulibe, chinalipo ndipo chimagwira ntchito, chinangosowa ogula okwanira pamtengo umenewo.

Pa nkhani ya ma layer musatengeke kwambiri. Samsung inayamba kusanja ma cell a NAND mmwamba mu 2013 ndi ma layer 24, Micron inafika 232 mu 2022, SK hynix inalengeza 321, ndipo aliyense akatulutsa nambala yake manyuzipepala amalemba kuti watsogola. Kutsogolako kumakhala kwa miyezi yochepa, enawo amafika. Ndipo choopsa chake nchoti layer iliyonse yoonjezera ikutanthauza ma gigabyte ambiri kuchokera mufakitale yomweyo, onse akachita zimenezi nthawi imodzi msika umasefukira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya NAND. Zili ngati tomato pa Lizulu, mtengo ukakhala bwino aliyense amalima, zokolola zonse zimafika mwezi umodzi ndipo dengu lomwe limadula lija mumalipeza pamtengo wongotaya. Nthawi ya Covid anthu anagula malaputopu ndi mafoni ambiri, makampani anaonjezera kupanga, makasitomala anaunjika sitoko poopa kusowa, kenako mu 2022 kugula kunaima. Kioxia inadula kupanga ndi 30 peresenti kuyambira Okutobala 2022, Samsung yomwe nthawi zambiri imakana kudula inavomera mu Epulo 2023, Micron inataya madola 5.8 biliyoni mchaka chake cha zachuma cha 2023. Ma hard drive nawo sanapulumuke, ndalama zolowa za Seagate zinachoka pa madola 11.7 biliyoni mu 2022 kufika 7.4 biliyoni mu 2023 ndi 6.6 biliyoni mu 2024, zisanabwerere ku 9.1 biliyoni mu 2025 pomwe ma data center a AI anayamba kufuna malo ambiri osungira. Mzaka zoipazo makampani onsewa amatulutsabe katundu watsopano wabwino kuposa wakale, ndipo sizinaletse kutaya ndalama.

Ndiye mukamawerenga lipoti yang'anani zinthu ziwiri zomwe sizikhala pamutu wa nkhani. China ndi inventory, katundu yemwe ali mnyumba zosungira za kampani, ngati akukula mofulumira kuposa zogulitsa ndiye kuti mitengo ili pafupi kugwa. China ndi capex, ndalama zomwe akuika pomanga mafakitale ndi kugula makina, osati za kampani yanu yokha koma za onse opikisana nayo. Samsung ikati ikuonjezera, yemwe ali ndi masheya a Micron kapena Sandisk ayenera kutchera khutu. Ndipo pali chinthu chomwe chimasokoneza ongoyamba kumene, masheya amenewa amaoneka otchipa kwambiri pa P/E (mtengo wa sheya pouyerekeza ndi phindu la kampani pa sheya imodzi) nthawi yomwe phindu lili pachimake, pomwe ndi pamene kugwa kumayandikira, ndipo amaoneka oipa nthawi yomwe kampani ikutaya ndalama ndipo onse akudula kupanga, pomwe nthawi zambiri ndi pamene mitengo imayamba kutembenuka. Kampani ya TrendForce yaku Taiwan imatulutsa nkhani za mitengo ya NAND pafupipafupi, zambiri ndi zaulere, muzizitsata.

Zina zimabwera kuchokera kunja kwa fakitale ndipo simungazidziwiretu, koma mukhoza kudziwa yemwe ali pachiopsezo. Madzi osefukira aku Thailand mu 2011 anamiza mafakitale a Western Digital ku Bang Pa-in ndi Navanakorn, ma hard drive anasowa ndipo mitengo inakwera kwambiri padziko lonse, Seagate yomwe mafakitale ake sanamire inapindula. Mu Febuluwale 2022 zinthu zina zopangira zinaipitsidwa mmafakitale a Kioxia ndi Western Digital ku Yokkaichi ndi Kitakami ku Japan, flash yosachepera ma exabyte 6.5 inaonongeka. Boma nalo limalowererapo, Seagate inavomera kulipira chindapusa cha madola 300 miliyoni ku boma la America mu Epulo 2023 chifukwa chogulitsa ma drive opitirira 7 miliyoni kwa Huawei, YMTC inaikidwa pa mndandanda wa makampani oletsedwa ndi America mu Disembala 2022, ndipo China nayo inaletsa katundu wa Micron mmalo ena ofunika mu Meyi 2023. Choncho dziwani komwe kuli mafakitale a kampani yanu ndi maiko omwe imagulitsako kwambiri, zonsezi zimalembedwa mu 10-K.

Muzionanso kuti dzina lomwe mukugulalo lili ndi chani mkati pano, chifukwa makampaniwa amasintha. Western Digital inagula SanDisk mu 2016 kuti ikhale ndi hard drive ndi flash pamodzi, eni masheya ena monga Elliott Management anadandaula mu 2022 kuti kuphatikizako sikukupindula, ndipo mu Febuluwale 2025 anagawana, Sandisk ili payokha pa Nasdaq ndipo Western Digital yatsala ndi ma hard drive okha. Munthu wowerenga nkhani ya SSD yatsopano nkukagula Western Digital lero wagula kampani yolakwika.

Nanga phokoso la anzathu pa intaneti? Limvereni koma musalitenge ngati umboni. Mu 1995 Iomega inatulutsa Zip drive, kadisiki ka 100MB nthawi yomwe floppy imanyamula 1.44MB, chinali chinthu chabwino zedi ndipo anthu anachigula mwaunyinji. Ogula masheya ang'onoang'ono analimbikitsana pa intaneti, ena mpaka kumakaona mmashopu kuti zatsala zingati, mtengo wa sheya unakwera kambirimbiri kufika mu 1996 kenako unagwa. Chomwe chinadzamaliza Zip si Zip ina yabwinopo ya kampani ina, anali ma CD olembeka otchipa kenako mafulashi a USB, ndipo EMC inadzagula Iomega mu 2008 pa madola 213 miliyoni okha. Ndiye mukamalemba opikisana ndi kampani yanu, musalembe okhawo opanga chinthu chofanana, lembaninso chinthu china chilichonse chomwe chingagwire ntchito yomweyo motchipa. Kwa hard drive lero chimenecho ndi SSD zikuluzikulu za QLC, mtundu wa flash wotchipirapo, ndipo chofunika kutsatira ndi kusiyana kwa mtengo pa terabyte pakati pa ziwirizi, pakadali pano hard drive idakali yotchipa kangapo ndiye chifukwa chake ma data center sanaisiye.

Pochita zenizeni, tengani kope kapena tsegulani spreadsheet, kampani iliyonse tsamba lake. Malipoti a makampani aku America ali aulere pa EDGAR, tsamba la bungwe la SEC loyang'anira misika ya masheya ku America, komanso pa tsamba la investor relations la kampaniyo. Seagate ndi Western Digital chaka chawo chimatha chakumapeto kwa Juni ndipo amapereka zotsatira chakumapeto kwa Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, Micron imabwera mwezi umodzi patsogolo pawo, mu Disembala, Malichi, Juni ndi Seputembala, ndiye zomwe Micron yanena pa mitengo ya NAND zimakupatsani chithunzi cha zomwe opanga NAND ena monga Sandisk adzanene. Kotala iliyonse lembani ndalama zolowa, gross margin, inventory, capex, ma exabyte, ndi deti lomwe alonjeza kuti katundu watsopano ayamba kutuluka wambiri. Kenako mverani kapena werengani earnings call, msonkhano womwe mabwana a kampani amafotokoza zotsatira za kotala, makamaka gawo la mafunso kumapeto, pomwe ma analyst amafunsa kuti makasitomala angati amaliza qualification ndipo mitengo ikupita kuti. Bwana akafunsidwa nambala nkuyankha nkhani yaitali yopanda nambala, lembani zimenezonso. Pakatha makotala atatu kapena anayi mudzaona nokha ngati deti lija likusunthasuntha.

Kwa amene muli kumudzi kuno, makampani awa sali pa Malawi Stock Exchange ndipo nkhani ya forex mukuidziwa, ndiye ambiri simungagule masheyawa mosavuta, ndipo wina akabwera pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama akugulireni masheya a Samsung, funsani kaye laisensi yake musanatumize tambala. Koma ngati muli ndi shopu ya makompyuta ku Limbe kapena ku Lilongwe ndipo mumaoda ma SSD, mafulashi ndi ma memory card, nambala zomwezi zikuthandizani. Mukamva kuti opanga onse adula kupanga ndipo inventory yawo yayamba kutsika, odani sitoko yanu msanga mitengo isanakwere, mukamva kuti nyumba zawo zosungira zadzaza ndipo akupitiriza kumanga mafakitale, odani pang'onopang'ono kuti musatsale ndi katundu wodula pashelefu pomwe mnzanu wapafupi akugulitsa watsopano motchipa.